Khovani wa M'tauni

Loweruka, 9 Novembala 2019

Mvula yoyamba yagwa dzulo. Madzi ochokera kuphiri adutsanso njira yawo ya chaka ndi chaka: pansi pa mtengo wa mapeyala, kenako pakhonde. Dothi lakokoloka mpaka maziko a masitepe aonekera. Amuna anga, a Felix, akuti tingothira simenti bwalo lonse. Ndakana, pakhomo panga si depoti ya basi. Pakufunika chomera choyanga choti chigwire dothi. Vuto ndi mthunzi. Dzuwa limangosuzumira m'mawa, ikamati teni koloko latsanzika. Kapinga ndinamuyesa chaka chatha, anangoyezuka n'kufa.

Vuto lina sindingalitchule mokweza: apongozi. Chibwerereni kuchokera ku Jali mu Juni, amasesa pamenepo m'mawa uliwonse mpaka pansi kuwala. Dothi lina likupita ndi mvula, lina ndi tsache.

Lolemba, 11 Novembala

Nditaweruka kusukulu ndapita kwa a Lajabu, aja ogulitsa mbande za maluwa m'mbali mwa msewu wokwera ku Chawe. Ndawauza kuti ndikufuna chosalira dzuwa lambiri, chosalira kuthirira, chosalira kunyengerera. Iwo akuti, "Mayi, mukufuna duwa kapena mwala?"

Andionetsa zitatu. China cha masamba ataliatali a mizere yoyera, koma chimachedwa kuyanga. China cha timaluwa tofiira, akuti chilimwe chimakomoka. Chachitatu n'chofiirira kunsi kwa tsamba, pamwamba timizere tonyezimira. "Ichi ngakhale muchiponye pansi n'kuchitukwana, chimera basi." Ndatenga jumbo lodzaza. Ndatsika phiri ndikuimba ndekha.

Lachiwiri, 12 Novembala

Ndabzala zonse. Msana wanga ine! Apongozi anali kokaona wodwala ku Mtiya. A Felix akuti, "Wawauza amayi?" Ndati mawa.

Lachitatu, 13 Novembala

Mawa lija ndi limeneli. Ndabwera kuchokera kusukulu, pansi pa mtengo pali mbee, mizere ya tsache yokhayokha. Apongozi akumwetulira, khasu lili pambali.

"Amake Vera, khovani anakulowererani pakhomo! Ndamuzula yense. Ameneyu akakhazikika m'munda, chimanga iwalani. Nanga njoka?"

Ndinafuna kulira, ndinafunanso kuseka. Ndangoti zikomo amayi. Kunena zoona, masamba ake ndi a khovani weniweni, udzu uja timalimbana nawo popalira, kungoti uyu wavala za kutchalitchi. Amuunjika kuseri kwa bafa.

Lachisanu, 15 Novembala

Chimvula. Sitepe yapansi yang'aluka.

Lamulungu, 17 Novembala

Ndalimba mtima. Titabwera kutchalitchi ndawaitanira apongozi pa sitepe, ndalowetsa dzanja lonse kunsi kwake kuti aone mphako. Ndawauza zonse, zoti khovani uja ndinachita kukamutenga dala, ngakhalenso za tsache. Iwo akuti:

"Ndiye pakhomo pa mwana wanga pakhale tchire? Odutsa adzati muno mulibe mkazi."

Kenako chapansipansi, ngati sakuuza ine: "Nanga ine ndizidzukira chiyani?"

Mawu amenewo andilasa. Kwawo anasiya munda ndi dimba, ife kuno tinawalandira ndi mpando ndi wailesi. Tsache anachita kudzipezera okha. Ndachita manyazi kwambiri.

Lachinayi, 21 Novembala

Pansi pa mtengo sakusesanso. Kuyankhulanso sakuyankhula kwenikweni. Bola akanangondikalipira.

Loweruka, 23 Novembala

Andidzutsa ndi kugogoda pawindo. "Amake Vera, tabwerani mudzaone m'bale wanu!"

Mulu uja wa kuseri kwa bafa waphuka. Mfundo iliyonse yatulutsa mizu, nsonga zonse zadzuka kuyang'ana kumwamba. Aseka mpaka kugwira khoma. "Sindinanene ine? Khovani safa! Ngakhale wa m'tauni!" Nanenso ndaseka mpaka misozi.

Pakhonde ndapeza dengu lodzaza mbewu ya mbatata. Kani dzulo anakapempha kwa a Magret, oyandikana nafe. Zonse anakonza kale m'mutu. Wangayo apite kutsinde kwa mtengo kumene kuli mthunzi wambiri, kuno kofika dzuwa la m'mawa kukhale kwa mbatata. "Pamthunzi sizibereka bwino, koma zimayanga, ndipo kholowa tizithyola. Pakhomo pamere chinthu chosalowa mumphika chokhachokha?"

Andidzudzulanso kuti tsiku lija ndinabzala motsata kutsetsereka. Mizere iyenera kupingasa kuti madzi azipunthwa. Mphunzitsi waphunzitsidwa lero.

Ndimati ndigwire khasu, andilanda.

"Inu kakonzeni tiyi. Munda uno ndi wanga."

Ndikulemba ndili pawindo. Tsache latsamira khoma pomwe analisiya. Iwo awerama pansi pa mtengo, akuimba nyimbo ya kwawo, akukwirira khovani ndi manja awo. Tiyi ndawatenthetsera kawiri, sanabwerebe.