Mafomu Apita Opanda Kanthu

Lolemba, 3 Malichi
Yayambanso. Ndayatsa kompyuta m'mawa, kudina fomu ya mayeso, yatsegukira mu Yabuluu, pulogalamu ya intaneti ija. Mafomu athu amafuna inzake ija, Yofiira. Mu Yabuluu umalemba bwinobwino, n'kusunga, koma ukangotseka zonse zimafufutika, kutsala mizere yokha. Ndalowa m'masetin'gi, ndabwezera Yofiira. Aka n'kachisanu ndi chitatu teremu ino.

Lachiwiri, 4 Malichi
Ndamuitana Katswiri, mlamu wawo wa a hedi, yemwe ati amasamala makompyuta pasukulu pano. Sanakhale n'komwe pansi. Akuti, "Mayi, kompyuta sisintha yokha. Pali chimene mumadina." Ine zaka 19 mu ofesi muno, ndinayamba ndi tayipi ya riboni iye akadali kumsana, lero ndiye wondiphunzitsa kudina. Ndamupempha angoikhoma isamabwerere, poti pasiwedi yaikulu ali nayo ndi iyeyo. Akuti aona. Maso ali pa foni.

Lachinayi, 6 Malichi
Tsiku lomaliza kutumiza mafomu, ana 42 a kalasi yomaliza. Magetsi abwera 2 koloko, kompyuta n'kuyamba zake zodzizimitsa ndi kudziyatsa. Makolo pawindo, a hedi pakhomo mphindi iliyonse. Ndalemba ngati ndikuthamangitsidwa, ndatumiza itatsala pang'ono 5. Mutu ukuphwanya.

Lolemba, 10 Malichi
A ku ofesi ya mayeso aimba. Mafomu onse 42 afika opanda kanthu. Ndatsegula anga, mbee, ngakhale dzina limodzi. Itadziyatsanso tsiku lija inabwerera ku Yabuluu, ine osazindikira. Ndikuvomera, sindinayang'ane. Koma ndinanena kangati?

Mwamwayi ana awalola, ndatumizanso lero. Koma a hedi akalipiridwa pa foni, ndiye mkwiyo wonse wagwera ine. "Lachisanu mukafotokoza pamaso pa komiti. Ntchito yanu ili m'manja mwawo."

Lachitatu, 12 Malichi
Ndili kuseri kwa kabati ndamva a hedi akuuza achiwiri awo: "Akula mayiwa, zamakonozi zinawasiya." Zandipweteka kwambiri, osanama.

Kunyumba bambo a ana akuti ndingopepesa zithe. Ndipepese chiyani? Ndidzaizimitsa kompyutayo n'kuiyatsa a komiti ali pomwepo, adzaone okha ikutembenuka. Masiku ano ikumatero pafupifupi m'mawa uliwonse.

Lachinayi, 13 Malichi
Pochokera ku nkhomaliro ndapeza mpando wanga utakwezedwa. Mlonda akuti Katswiri analowa. "Sanachedwe, mayi, maminiti awiri basi." Ndamufunsa mwini wake pakhonde, akuti amapukuta fumbi. Iyeyo, fumbi.

Lachisanu, 14 Malichi
Anthu asanu anaima kumbuyo kwanga: a komiti, a hedi ndi Katswiri. Ndazimitsa, ndayatsa, ndadina fomu. Yofiira. Kachiwiri, Yofiira. Kachitatu, Yofiira. Ndalowa m'masetin'gi, pamene ndimasinthira paja patuwa, sipakudinika. Waikhoma. Chomwe ndakhala ndikupempha teremu yonse wachita dzulo mobisa.

Ndati, "Bwana, anaikonza dzulo ameneyu."
Katswiri wangomwetulira. "Mwaona nokha, bwana. Ilibe vuto."
A pampando a komiti akuti, "Mayi, kulakwa kulipo, koma kunamizira mnzanu ndiye ayi."

Ndinafuna kuitana mlonda, koma naye ali ndi ana. Ndamusiya, angachotsedwe ntchito.

Kalata yondichotsa ntchito inali kale m'fayilo ya a hedi. Deti yake 12 Malichi, kutanthauza kuti zonsezi zinali zongondionetsa. Ndasaina, ndaika makiyi patebulo. Ndikutenga chikwama, a hedi akuti, "Musanapite, mayi, tatipangireni fotokope kalatayi. Makinawa amangomvera inu."

Ndapanga makope awiri, ndawapatsa.