Kadontho Abwereze Kalasi

Wokondedwa mwana wanga, make Kadontho,

Ndayamba ndi moni. Uli bwanji kumeneko, iwe ndi apongozi anga? Chifuwa chija chinakusiya, kapena ukungoyenda nacho ngati katundu wa eni? Kuno tadzuka, poti kudzuka kokha ndiye sitilephera. Maondo angawa ndi omwe aja, m'mawa amayamba akambirana kaye asanavomere kuti ndiimirire. Kadontho ali bwino m'thupi. Mng'ono wako, a Madamu athu a kusukulu, alinso bwino. Khanda lake lija tikulitcha Abwana, chifukwa likangotsegula pakamwa nyumba yonse imaimirira.

Usadabwe kuti ndalemba kalata pamene foni ilipo. Pa foni umalankhula wekha, ine ndikati ndiyambe, wati mayunitsi atha. Komanso foniyo ndi ya aneba, ndipo aneba athu makutu awo amaboola khoma. Tsono upirire ndi zilembo zanga zokhotakhotazi. Sukulu ndinaisiyira panjira, ukudziwa, koma za lerozi zikwana.

Nsapato unatumiza zija zinafika, zamukwana bwino. Ndamvanso kuti kumeneko wauza mpingo wonse ndi anzako a kuntchito kuti mwana wako anakhala nambala 2 m'kalasi yachinayi pa teremu ija yatsogolera yathayi. Khala pansi, mwana wanga, pakuti nambala imeneyo ndi yomwe yandigwiritsa cholembera.

M'bokosi la nsapato munali kakhadi kaja unalemba ndi dzanja lako. Magalasi anga ndinali nditawaiwala kutchalitchi, ndiye ndinati Kadontho, tandiwerengera zomwe alemba amako. Mwana anakatenga, kukayang'ana, kukatembenuza, kukayang'ananso. Kenako ati, amayi akuti ndizisamala nsapato, ndisamasewere nazo m'matope. Ananena mosadodoma ngati wowerenga nkhani pa wailesi. Ine ndinati eya, amako ndi omwewo.

Magalasi atabwera ndinakawerenga ndekha, chilembo chimodzichimodzi monga ndimachitira. Za matope munalibemo. Iwe unalemba kuti, ndakunyadira mwana wanga, pitiriza. Basi. Ndinamuitana, n'kuloza liwu loti mwana, ndati ili likuti chiyani? Anayang'ana chala changa, osati liwulo. Ndinaloza lina. Kenako misozi mbwembwembwe.

Apo m'pamene mutu wanga unayamba kugwira ntchito. Chaka chonse ndakhala ndikuchapa yunifolomu yonunkha mkaka wosasa kumsana, masiku ena yonyowa ndithu. Ndikafunsa ankati anzake amuthira madzi posewera. Ndinatsegula chikwama chake. Makope oyera mbee, ukhoza kukawabweza kusitolo.

Sindinafunse munthu. M'mawa mwake benchi langa la tomato ndinasiyira aneba, ndodo m'manja, ulendo wa kusukulu. Ndinafika ana onse atalowa m'makalasi. Pampanda pali mayi wina wogulitsa nthochi, sandidziwa. Nditamuuza mwana amene ndikumufuna, ati oo, mukunena kantchito ka a Madamu? Zungulirani kuseri. Ati kamwana kaulemu bwanji kameneko, kaya kwawo n'kuti.

Ndinazungulira. Kuseri kwa kalasi ya mng'ono wako, pansi pa mazenera, pali kanjira kopanda udzu, kosalala ngati podutsa mbuzi. Kanjira kameneko anakalambula ndi mapazi a mwana wako.

Ndinamuona ali ndi Abwana kumsana, akuyenda kuchoka pa zenera kukafika pa ngodya, kutembenuka, kubwereranso. Abwanatu salola munthu kuima, ukangoima dziko lonse limva. Tsono akafika pa zenera amachepetsa mwendo, khosi kutalika, kuti amveko zomwe mayi ake aang'ono akuphunzitsa. Khanda likang'ung'udza, iye n'kupitirira. Anzake mkatimo akamayankha onse pamodzi, nayenso amayankhira kunjako, motsitsa. Ndiyo sukulu ya mwana wako imeneyo. Mutu wa nkhani amaumvera pa zenera, mchira umatuluka iye ali ku ngodya. Bolodi saliona n'komwe, zenera ndi lalitali kuposa iye.

Atandiona anafuna kuthawa, ngati wolakwa ndi iyeyo. Ndinamumasula khandalo, kulibereka ine, n'kumugwira dzanja mpaka pakhomo la kalasi. Ana onse anaimirira, ati mwadzuka bwanji agogo. Mng'ono wako choko chinamupulumuka. Ndinati aphunzitsi, ndabweretsa mwana watsopano, mumulandire, dzina lake mukulidziwa.

Pakamwa panga ukupadziwa. Mawu anabwera ambiri, koma ndinawameza, poti pamaso pa ana mphunzitsi ndi mphunzitsi, ngakhale unamusintha matewera ndiwe. Chomwe chinandilasa n'choti malo ake panalibe. Pa benchi pomwe ankakhala panadzaza kalekale. Anzake anachita kufinyana, iye n'kukhalira thako limodzi.

Ataweruka, mng'ono wako anabwera kudzatenga khanda, ndiye tinakambirana, ngati kumene kuja n'kukambirana. Ati amayi mwandichititsa manyazi pa ntchito. Ndati manyaziwo unawamangirira wekha kumsana kwa mwana wa mkulu wako, ine ndangowamasula.

Ati mtsikana wolera anathawa, bambo a mwana ali pamsewu ndi lole yawo mwezi ndi mwezi, khanda likuyamwa, ndikanalisiya pati? Ati poyamba ndinkasinthasintha atsikana a m'kalasi, lero uyu mawa uyo, mpaka bambo wina anabwera kudzakalipa kuti mwana wake sanamutumize kudzalera. Ndiye ndinaona kuti bola wa m'banja, nkhani siituluka. Wamva, make Kadontho? Mwana wako anasankhidwa chifukwa alibe kokadandaula.

Ndati nanga ine ndinafa? Unalekeranji kundipatsa khandalo? Ati ndimaopa pakamwa panu. Ndati pakamwa panga panaika ndani m'manda? Ukanakalipiridwa tsiku limodzi, mwana n'kuphunzira chaka chonse.

Nditafunsa za nambala 2, ati Kadontho ndi wanzeru, ndikamufunsa pakamwa amayankha kuposa anzake, tsono ndinkamupatsa malikisi omwe ndikudziwa kuti akanapeza akanakhala m'kalasi. Ndati ndiye nawonso adokotala azingotilembera kuti tachira, poti tikanachira tikanamwa mankhwala. Apo anayamba kulira.

Sindikunamiza, ndinamumvera chisoni. Waonda mng'ono wako, khosi latsala ngati la nkhuku. Ana m'kalasi mwake ndi nyerere, makope amabwera nawo kunyumba atasenza, amachonga khanda lili pabere. Si munthu woipa, ndinamubala ndine. Ana a eni amawaphunzitsa bwino ndithu, makolo amamutama pamsika ine ndikumva. Wathu yekhayu ndiye anamusandutsa msomali wopachikapo katundu.

Kuyambira tsiku limenelo, masiku a sukulu Abwana amakhala ndi ine. Nthawi ya buleki ndimakwawa nawo mpaka pampanda kuti akayamwe, kenako kubwerera ku tomato wanga, amene theka amakhala atapsa ndi dzuwa. Msana wanga unalera iwe, unalera mng'ono wako, unalera Kadontho, ndimayesa unapuma pa ntchito. Kani ayi. Koma za msana zisiye, si zomwe ndalembera.

Kadontho anakhala m'kalasi masabata otsalawo. Ankabwera ali ndwii, osadya bwino. Nditamufunsa ati agogo, bolodi limathamanga, ndikamalemba mzere woyamba anzanga amaliza, a Madamu afufuta. Ndinaona kope lake. Amajambula zilembo ngati mmene umajambulira maluwa pa nsalu, zokongola ndithu, koma ukamufunsa zikuti chiyani, sakudziwa.

Mayeso otsiriza chaka analemba. Lipoti labwera, akuti wakhoza, apite kalasi yachisanu. Ulendo uno sanamuike nambala 2, anamutsitsako pang'ono kuti bodza livale malaya.

Ndinapita kwa ahedi. Munthu wake waulemu, wodziwa kupereka mpando. Ati agogo, zimenezi ine sindinkazidziwa. Zenera la ofesi yawo limayang'ana kanjira komwe kaja, koma ndinangoti mwina makatani anu ndi okhuthala. Anatsokomola. Ndati ine sindinabwerere milandu, ndikufuna mwana abwereze kalasi yachinayi.

Ati mwana wokhoza sitimubweza, pokhapokha kholo lake litapempha lokha. Ati pano amene tikumudziwa ngati womuyang'anira ndi a Madamu omwewo, poti ndiwo anadzamulembetsa, ndipo iwo akukana. Ati njira ina ndi yoti mukadandaule kwa akuluakulu a maphunziro, koma mudziwe kuti zikakafika kumeneko ntchito ya mwana wanu igwedezeka. Ndinatsanzika n'kutuluka. Dzanja ili mdzukulu, dzanja ili mwana wobala ndekha. Unene iwe loti ndidule.

Chomwe mng'ono wako akukanira ukuchiona wekha. Mwana amene dzana anali nambala 2 akabwereza, aphunzitsi anzake afunsana kuti malikisi aja anachokera kuti. Ati amayi musadandaule, ndimuphunzitsa ndekha pa holide, agwira msanga. Holide ndi iyi ikutha. Anamukhazika pansi tsiku lina, anayambadi bwino. Atamukhazikanso, ine ndili kumsika, Abwana analira, ndipo ukudziwa amene ananyamuka kukawatonthoza.

Ndikudziwa akuimbira foni, mwina wakuimbira kale. Akuuza kuti amayi akukalamba, akukokomeza nkhani. Kukalambako ndikuvomera. Koma ukadzabwera udzamupatse wekha mwanayu pepala lililonse, ngakhale la sopo, udzaone ngati ndi ukalamba wanga.

Mwini wake Kadontho ndinamufunsa, poti ndi mutu wake. Funso lake loyamba ati, ndikabwereza amayi andilanda nsapato? Ndati nsapato ndi za mapazi, mapazi ako agwira ntchito yokwana. Ati anzanga azindiseka. Ndati aseka teremu imodzi, mano auma, asiya. Anayamba kukanda pansi ndi kamtengo. Kenako ati, ngati ndibwereze ndikhale kutsogolo, komanso andiphunzitse wina, osati amayi aang'ono. Sananene mwachipongwe ayi. Ati ndikawaona ndimangomva ngati Abwana akulira.

Kalasi yachinayi ili pawiri pasukulupo, inayo amaphunzitsa bambo ena achikulire. Ahedi avomera kuti akhoza kulowa kumeneko. Chatsala ndi pakamwa pako.

Tsono pempho langa ndi ili, mwana wanga. Uwaimbire ahedi sukulu isanatsegulidwe, nambala yawo ndalemba kuseri kwa pepalali. Unene kuti ine ndine mayi wake, ndikufuna mwana wanga abwereze. Usawonjezere zina. Usamunenere mng'ono wako kwa akuluakulu, ndipo iyeyo usamutukwane pa foni, umusiyire ine, ndimutha ndekha pang'onopang'ono. Anzake akamufunsa za malikisi, ayankhe yekha. Kumeneko ndiye kulipira kwake, ndipo sikupha.

Ndikudziwa chikukuluma n'chiyani. Unanyadira pagulu, tsopano ubweza bwanji mawu. Anzako a kumpingo uwauze zomwe ufuna, kaya uti agogo ake ndi ovuta, ine ndilola, dzina limenelo ndinalizolowera. Manyazi ako ndi a Lamulungu limodzi. Koma uyu akalowa kalasi yachisanu chonchi, mabuku kumeneko ndi okhuthala, palibe mphunzitsi adzabwerere m'mbuyo kukamutola. Azidzangomukankha chaka ndi chaka, iye akunamizira kuwerenga, mpaka tsiku lomwe adzatope n'kukhala pakhomo. Njira imeneyo ndikuidziwa komwe imathera. Imathera pa benchi la tomato, pambali panga.

Ukakhala chete, tsiku lotsegulira ndimugwira dzanja ndekha, ndikamukhazika m'kalasi yachinayi, ine n'kukhala pakhomo ndi khanda kumsana mpaka adzachite kundinyamula. Ndichita, ukundidziwa. Koma ndatopa, make Kadontho. Sindikufuna kukakangana ndi mwana wanga pamaso pa ana a sukulu, anthu akuonerera pampanda. Ndatsala ndi mphamvu zolerera, zomenyera nkhondo zinatha. Iwe ungoimba, ine ndipume.

Undiperekere moni kwa apongozi anga, uwawerengere kalatayi yonse, osadumpha pomwe pakuwawa. Moninso kwa alamu ako ndi ana awo, ndi mayi uja anandisunga bwino nditabwera kudzaonetsa maso. Mulungu akusungeni, akupatseni mphamvu pa ntchito, ndipo iwe akufewetse mtima msanga, poti masiku otsegulira sukulu sadikira munthu.

Ndine mayi ako,
agogo ake a Kadontho.