Mayi Wazipsera pa Feira ya ku Fingoe

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimayenga mafuta a chitowe. Chaka chino ndapeza malo pa feira ya kuno ku Fingoe, pomwe alimi ndi amalonda adzaonetse zomwe amapanga. Mabaraka athu ogulitsiramo ndi a udzu, ogundana, ndipo bwalo lonse alitchinga ndi mpanda wa udzu. Khomo asiya limodzi lokha kuti anthu asamalowe mozemba.

Tsiku lomwe ndinkafolera baraka langa, dzuwa lili paliwombo, kunabwera mayi wina wovala kapulana yakalekale. Dzanja lake lamanzere linali lokwinyika ndi zipsera. Moni sanapereke. Anangofunsa motsitsa mawu, "Mwanangu, khomo lina lili kuti?" Ndinati palibe. Anayang'anitsitsa jenereta ya a Custódio, omwe baraka lawo lagundana ndi langa, ndi zigubu zawo za gasolina zotsamira udzu, n'kuchoka. Pamene anaimapo panatsala fungo la tsitsi lopserera.

Mawa lake anabweranso, funso lomwelo. A Custódio anali pomwepo akulumikiza mawaya, koma anandiseka, "Mana, mlongo wanga, mukulankhula ndi ndani?" Nditawafotokozera azakhali anga, anangokhala pansi. "Ameneyo ndi Matilde," anatero. "Anapsera m'baraka pamsika iwe usanabadwe."

Amuna anga akuti ndipite kwa sing'anga. Okonza feira akuti ndikachoka, malo anga apatsa wina. Feira iyamba sabata yamawa, ndipo ana adzakhala nane m'barakamo. Nditani?

I.R., Fingoe

Mayi I.R.,

Kuti mlendo wanuyo ndi ndani, sindinganame, sindikudziwa. Koma ine chandiopsa kwambiri ndi bwalo lomwe mwalongosolali. Funso lake n'loona: chigulu cha anthu, udzu wouma, gasolina, khomo limodzi. Moto ukabuka, ana ndi amene amayamba kupondedwa.

Musapite nokha kwa okonza feira. Sonkhanitsani anzanu a mabaraka, mukapemphe kuti mpanda aubowole mbali zina, njira zake zikhale zopanda katundu. Akazengereza, kadandauleni ku administrasau, ku ofesi ya boma, kuti atumize munthu adzaone malowo anthu asanalowe.

A Custódio alankhuleni mwaulemu koma osabisa mawu. Jenereta ituluke panja, patali ndi udzu, zigubu zikhale kwina pamthunzi. Asathire gasolina jeneretayo ili yoyaka kapena ikadali yotentha. Mawaya osendeka asadutse padenga lanu.

Inunso mafuta anuwo amayaka. Ikani ndowa za mchenga pafupi, chifukwa madzi amangomwaza moto wa mafuta. Chozimitsira moto chikapezeka, phunzirani kuchigwiritsa ntchito feira isanayambe. Mbaula zikhale kunja kwa mpanda.

Koma tamverani bwino apa. Tsiku lotsegulira likafika zinthu zili momwemo, musadzalowe, ngakhale anzanu akunyozeni. Feira idzabweranso chaka chamawa. Mwana akapita, palibe wokonza feira amene adzakubwezereni.

Aphungu