Chifuwa cha Malemu Wal Tregear

BUNGWE LA OMVERA ZIMBALE LA KU CASTLEMAINE
Zolembedwa za msonkhano wa Komiti

Tsiku: Lamulungu, 14 Juni 2009
Malo: Chipinda cha kuseri kwa holo ya tchalitchi, mbali imene kuli hita yotenthetsera chipinda

Opezeka:
Bambo Clive Pendergast, Wapampando
Mayi Lynette Chinn, Msungichuma
Mayi Marjorie Tregear, Woyang'anira tiyi
Dokotala Stavros Kalligas, Woyang'anira makina (masiku ena amazula mano)
Bambo Alistair Rowe, Mlembi

Opepesa: Bambo Noel Hocking, amene ali ndi chimfine ndipo Lamulo Lachinayi amalidziwa bwino.

1. Kutsegula

Wapampando anatsegula msonkhano 2 koloko masana. Anakumbutsa mamembala malamulo awiri amene amaiwalika nyengo yozizira ikafika. Lamulo Lachitatu limati chimbale chikamalira, aliyense atsinzine ndi kutseka pakamwa. Lamulo Lachinayi limati wotsokomola nyimbo ili mkati atsuka makapu onse tsiku limenelo.

2. Zolembedwa za msonkhano wapita

Zinawerengedwa. Mayi Chinn anati iwo sananene kuti woimba piyano wa mwezi watha amaimba ngati akukhoma denga. Ananena kuti amaimba ngati akukhoma denga mvula ikubwera. Mlembi anabwezeretsa mvulayo, ndipo zolembedwa zinavomerezedwa.

3. Chimbale cha mwezi uno

Komiti inamvera nyimbo imodzi ya oimba anayi a zoimbira za zingwe pa zimbale ziwiri, cha gulu la ku Melbourne ndi cha gulu la ku Budapest. Wapampando anati anyamata a ku Melbourne ali ndi zala zabwino, koma amathamanga ngati sitima yomaliza ikuwasiya. Komiti inasankha akuluakulu a ku Budapest, amene sathamangira kulikonse, ndipo ndi amene tiwauza a wailesi ya m'dera lathu kuti aulutse.

4. Chimbale cha chikondwerero

4.1 Wapampando anakumbutsa kuti Bungwe likukwanitsa zaka makumi asanu, ndipo lidinda chimbale chimodzi choti chiulutsidwe pa wailesi ndi kusungidwa ku laibulale. Nyimbo yake tinasankha kale: tepi ya mu Ogasiti 1974, pamene malemu Mayi Irena Valdmane anadzaimba chelo, choimbira chachikulu cha zingwe chija, mu holo ya mzinda wathu. Tepiyo ikuyoyoka. Dokotala Kalligas anaikopera pa kompyuta n'kubwera ndi zimbale ziwiri, china momwe tepi ilili, china chotsukidwa. Chodindidwa chikhala chimodzi.

4.2 Kusiyana kwake kwakukulu n'kumodzi. M'gawo lachiwiri, lodekha lija, pali malo pamene gulu lonse la oimba owaperekeza limaleka, chelo n'kutsala yekha kukoka liwu lalitali, kenako bata. M'batamo munthu wa pa mzere wachitatu amatsokomola kamodzi. Munthuyo ndi malemu Wal Tregear, amuna awo a Mayi Tregear, amene anatisiya zaka zinayi zapitazo. M'chimbale chotsukidwa mulibemo.

4.3 Dokotala Kalligas anapereka ganizo loti chidindidwe chotsukidwacho. Anati Mayi Valdmane sanawoloke nyanja kuti adzaimbe ndi chifuwa cha munthu, ndipo a ku Melbourne akachimva adzatiseka. Anati ntchito yochotsa chifuwacho popanda kuvulaza liwu la chelo yawadyera miyezi itatu, kumangobwereza malo omwewo mpaka akunyumba kwawo anasamukira kuchipinda china. Wapampando anachirikiza ganizoli.

4.4 Mayi Tregear anatsutsa. Anati Wal anali munthu wosayankhula, moti ngakhale pa ukwati wa mwana wawo anangogwedeza mutu, ndipo padziko pano palibenso pena pamene liwu lake linajambulidwa. Anafunsa ngati Dokotala anachotsanso kupuma kwa Mayi Valdmane, kumene kumamveka nyimbo yonse. Dokotala anati ayi, pakuti kupuma kumeneko ndi luso.

"Ndiye akapuma mlendo ndi luso, akatsokomola wa konkuno ndi zinyalala?" anafunsa Mayi Tregear. "Vuto lanu a Dokotala n'kuzolowera kuzula. Mukaona kanthu kataima pakokha, dzanja limakuyabwani."

Wapampando anapempha kuti mamembala azilankhula kudzera kumpando. Mayi Tregear anabwereza mawu omwewo atayang'ana kumpando.

4.5 Pofuna mtendere, Wapampando anati Mayi Tregear apatsidwe chimbale chawochawo chosatsukidwa, akasunge kunyumba.

"A Clive, Wal sanatsokomolere m'kabati mwanga," anayankha Mayi Tregear. "Anatsokomolera mu holo, meya ali pomwepo. Mukamuchotsa, ine ndatula udindo. Ndipo ketulo yaikuluyo ndi yanga."

Mayi Chinn anati sangavote asanamve. Mlembi analibe maganizo, poti anali kulemba.

4.6 Komiti inamvera gawo lachiwiri pa zimbale zonse ziwiri. Zotsatirazi Mlembi anazimva, sanazione, monga mwa Lamulo Lachitatu.

Chinayamba chakale. Malemu anatsokomola pamalo pawo.

Kenako Dokotala anaika chotsukidwa. Mlembi ayenera kulemba chilungamo: ntchito inagwirika. Kufwenthera kwa tepi kunalibe, ndipo chelo anamveka ngati Mayi Valdmane akhala pakati pathu, pafupi ndi hita. Gulu linaleka. Chelo anakoka liwu lake lija. Kunabwera bata.

M'batamo munthu anatsokomola kamodzi.

"A Dokotala, mwabwerezanso chakale chija," anatero Wapampando ali chitsinzinire. "Ikani chotsukidwacho."

Mamembala atatsegula maso anapeza Dokotala Kalligas ataima pa makina, mpango uli kukamwa, makutu ali psuu.

"Chotsukidwacho ndi chomwechi, a Tcheya," anatero Dokotala.

4.7 Dokotala anati ndi fumbi la hita. Mayi Chinn anati fumbi limenelo n'lophunzira, popeza ladikira gawo lonse kuti likalowe pamalo pake penipeni. Dokotala anavomera kuti mwina pa miyezi itatu ija chifuwacho anachimva mopitirira muyeso, moti chikasowa khosi lawo limachifuna lokha. Anapempha kuti chimbale chibwerezedwe. Mayi Tregear anawapatsa switi yoti aziyamwa. Zilembedwe kuti dokotala wa mano analandira.

4.8 Ulendo wachiwiri palibe anatsokomola. Bata litafika, anthu asanu anagwira mpweya kudikira munthu amene sanabwere. Nyimbo itatha Wapampando anadandaula kuti gulu lalowa msanga, ndipo anafunsa ngati Dokotala anadulako bata lija. Dokotala anati sanadule ngakhale kachidutswa. Kutalika kwake n'komwe kuja. Wapampando anati zaka makumi atatu ndi zisanu akhala akuimva nyimboyi, ndipo gulu silinalowepo Wal asanalipatse chilolezo. Mayi Chinn anati malowo atsala ngati pamene pazulidwa dzino, lilime limangobwererapo. Anapepesa kwa Dokotala chifukwa cha fanizolo, koma sanalibweze.

4.9 Wapampando anachotsa chichirikizo chawo. Ganizo la Dokotala linagwa. Mayi Chinn anapereka ganizo loti chidindidwe chimbale chosatsukidwa, Wapampando anachirikiza. Manja anakwera anayi. Patapita kanthawi linakwera lachisanu, mpango ukadali m'dzanjamo.

CHIGAMULO: Bungwe lidinda tepi ya 1974 momwe ilili, ndipo ndi imene likulimbikitsa wailesi, laibulale ndi onse okonda nyimbo kuti azimvera. A ku Melbourne akafuna kuseka, aseke.

4.10 Mayi Chinn anati pachikuto, pansi pa dzina la Mayi Valdmane, palembedwe "Chifuwa: W. Tregear". Wapampando anati Bungwe lino lili ndi ulemu wake. Anagwirizana kuti zilembedwe, koma m'timalemba ting'onoting'ono.

5. Lamulo Lachinayi

Msungichuma anakumbutsa kuti membala wina watsokomola nyimbo ili mkati. Dokotala Kalligas anati iwo amangogwirizira malo a malemu, ndipo malemuwo sanatsukepo kapu ya Bungwe chifukwa cha chifuwa chimenechi.

"Ya Bungwe ayi," anatero Mayi Tregear. "Koma usiku umenewo ndinachita manyazi kufuna kulowa pansi pa mpando. Kuyambira pamenepo mbale za kunyumba ankatsuka ndi iyeyo, mpaka chaka chomwe anagonekedwa kuchipatala. Inu anu ndi makapu asanu, mwana wanga. Sopo ali pawindo."

Dokotala anapinda mikono ya malaya n'kupita kukhitchini.

6. Zina ndi zina

6.1 Mayi Tregear anabweza mawu awo otula udindo. Ketulo ikhala. Anadula keke ya mandimu, ndipo chidutswa chachikulu anachisungira Dokotala.

6.2 Mayi Tregear anapempha zilembedwe kuti Dokotala anayesetsa, koma analowa mochedwa pang'ono. Wal ankalowa pa nthawi yake. Dokotala anayankha ali kukhitchini, koma madzi anali kutuluka pampopi ndipo Mlembi sanamve bwino.

6.3 Wapampando anapempha kuti chimbale chosankhidwacho chimveredwenso tisanabalalike. Chinamveredwa. Malemu anatsokomola, gulu linalowa bwinobwino. Pali mphekesera yoti pamalo pamenepo Mayi Tregear anatulutsa mpango wawo. Komiti sinaone kanthu, pakuti inali itatsinzina monga mwa Lamulo Lachitatu.

7. Msonkhano wotsatira

Lamulungu, 12 Julayi 2009, malo omwewo. Bambo Hocking abwere ndi switi zawo.

8. Kutseka

Wapampando anatseka msonkhano nthawi itangopitirira 4 koloko, makapu atauma.

Wapampando: C. Pendergast ....................

Mlembi: A. Rowe ....................