Kansalu ka Polishi Wofiira

Bwanje, Ntcheu
15 Julayi 2023

Okondedwa achemwali a Enelesi,

Kuno kwacha ndi chiperoni, kamvula kowaza ndi mphepo yochokera kumapiri. Ndikumva mabelu a njinga za ogula mpunga pamsewu, koma chigayo chili zii, lero ndi tsiku lachitatu. N'chifukwa chake ndakulemberani.

Paja mukudziwa kuti bambo amasesa kuchigayo cha mpunga. Chaka chino eni ake anabweretsa makina osankha mpunga. Mpungawo umatsika ngati mvula kutsogolo kwa kamera. Mkati mwa kamerayo muli kagalasi ka ngodya zitatu, konga kamene tinakaona pa phunziro la sayansi, kogawa kuwala kukhala kofiira, kobiriwira ndi kwa buluu. Kambewu kakaoneka kofiira kapena kakuda, mpweya umakauzira kumbali. Bambo anawaonjezera ntchito yopukuta zenera la kamerayo m'mawa uliwonse, ndi kansalu koyera basi. Amayi ndiwo amakachapa.

Lachinayi, ndikumanga nsapato kuti ndizipita kusukulu, ndinaona bambo akupapasa pachingwe. Anatenga kansalu kamene amayi amapakira polishi wofiira pakhonde n'kukaika m'thumba. Koyerako kanali pambali pomwepo. Achemwali, ndinaona ndi maso angawa. Koma ndikanayamba bwanji? Kunena kuti "si kameneko" kunali kuwauza kuti sakuona. Pakhomo pano palibe amene wayerekeza kutchula zimenezo, ngakhale tonse timaona akuthira tiyi pambali pa kapu. Ndinangonyamuka ulendo wa kusukulu.

Atapukuta, makinawo anayamba kuona mbewu iliyonse ngati yofiira. Mpunga wabwinobwino wa anthu unauziridwa kuzotaya, n'kusakanikirana ndi timiyala. Tsopano akudikira katswiri wochokera ku Lilongwe.

Madzulo ake a Maliro, oyang'anira chigayo, anabwera kunyumba atatsina kansaluko ndi zala ziwiri.

"Akulu, mumafuna makina anga awale ngati khonde la abusa?"

Bambo anaseka. "Bwana, chinthu cha maso atatu chimenecho, sichikanandiuza chokha?"

A Maliro sanaseke. Anakatambasula kansaluko pamaso pawo. "Tandiuzeni, n'kamtundu wanji aka?"

Bambo anakayang'ana nthawi yaitali.

"Koyera. Kangoda pang'ono."

Amayi anadzuka n'kulowa m'nyumba.

Chichitikireni zimenezi sindikutha kuwerenga. Ndimatsegula kope, maso ali pamalemba, mtima uli pachingwe paja. Ndatopa ndi kuona zinthu n'kumazisunga ndekha. Chonde bwerani mudzawatengere bambo kuchipatala cha maso. Inu amakumverani. Koma musadzanene kuti ndine ndakuuzani.

Ndinayamba ndaima kulemba chifukwa m'mawa uno bambo anaitanidwa kuchigayo, ndipo ndimafuna ndikuuzeni zenizeni. Anapita ndi amalume a Dyton. Abwera masana ano. Amalume anali patsogolo, akukankha njinga ya bambo. Bambo anali pambuyo, atagwira keliyala, opanda ovolosi yawo ya kuntchito imene anavala popita. Amalume sanakhale n'komwe pansi, angotsamiritsa njinga kukhoma n'kubwerera kwawo.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Amayi akuti musaiwale mafuta a miyendo aja. Bambo andifunsa kuti ndikulembera ndani, ndipo nditawauza, akuti ndikuuzeni kuti iwo ali bwino, musadandaule.

Ndine mlongo wanu,
Chikhulupiriro