Timawaya Tiwiri ta Kabuku ka Bambo

Kanduku, Mwanza
9 Malichi 2019

Okondedwa achimwene a Kinsley,

Kalata yanu yafika, yoyamba chimwalirire bambo. Ndimayesa mukufunsa za mwendo wa amayi, koma ayi, mukufuna kabuku. Mwati mukuimira ukhansala kuno, ndiye mukufuna muzikanyamula pamisonkhano kuti anthu adziwe kuti ndinu mwana wa a Zakeyu.

Mwakakumbuka liti kabukuka? Bambo anakalemba mu 1993, nthawi ya riferendamu, anthu atazolowera kunong'ona, n'kukatcha Kuyankhula Pagulu. Ndikukumbuka azibambo a imvi atasonkhana pansi pa manachesi kuseri kwathu, akuphunzira kuimirira n'kuyankhula mokweza. Chisankho chitadutsa, andale anaona kuti chimkuzamawu ndi nsalu zaulere zimakoka gulu kuposa mawu okonzedwa bwino. Makope otsala anangounjikana pansi pa bedi. Inu munkaseka, munkati, "Izi n'za aphunzitsi opuma, adadi." Pamaliro awo munawerenga Chingerezi cha pafoni, maso pansi, amayi osatolapo kanthu.

Nanenso sindine woyera. Chaka cha njala chija ndinkang'amba masamba ake n'kumakulungira zitumbuwa pa boma. Tsiku lina bambo anagula chimodzi, anafutukula pepalalo, anawerenga mawu awo omwe ali mafuta okhaokha, n'kulipinda bwinobwino kuika m'thumba. Zimandiwawa mpaka lero.

Kope lomaliza anakupatsani inu m'manja ali m'chipatala. Munaliponya m'katoni m'nyumba yanu ija ya pa boma, n'kukhoma chitseko, ulendo wa ku Lilongwe. Ndinakatsegula sabata yatha. Chiswe chadya zonse, kwangotsala timawaya tiwiri tomangira masamba. Ndatiika mu envelopu muno, mukationetse pamsonkhano.

Koma musayese kuti kabuku katha. Bambo atasiya kuona, ndine ndinkawawerengera madzulo aliwonse kwa zaka zinayi, iwo akukonza apa ndi apo. Kali m'mutu mwangamu konse. Phunziro loyamba limati usanatsegule pakamwa, peza munthu mmodzi pagulupo amene ukudziwa vuto lake. Inu kuno mupeza ndani?

A Deliwe, amayi ogulitsa tomato amene mukupikisana nawo, anabwera kudzandipempha ndiwaphunzitse, ndipo sindinakane. Timakumana Lachitatu lililonse pansi pa manachesi omwe aja. Poyamba mawu ankawathawa. Dzana anayankhula za mjigo wathu wakufa uja, anthu mpaka anatsika panjinga kuti amve. A Deliwewo akumbukira ngakhale kudzazonda amayi athu kawiri.

Amayi akupereka moni. Mwendo udakali wotupa, ngati mungafune kudziwa. Akuti mukabwera kudzachita kampeni mudzadutse pakhomo akuoneni nkhope, chifukwa pachithunzi chimene achinyamata anu akhoma pamtengo wa kutchalitchi sakukuzindikirani.

Ndine mlongo wanu,
Liness