Anamwino Akana Kuulula za a Dziwani

Okondedwa amalume a Ignasio,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno kwa Kaphuka tikukumba kachewere, kungoti chisanu chafika msanga.

Achimwene a Dziwani akupezako bwino kuchipatala. Mutu wayamba kukhazikika, ndipo mabala a chingwe chija m'mikono akupola.

Lachiwiri ndili kuchipatalako kunabwera ang'ono anu a George ndi anzawo awiri akudambwe. Akuopa kuti pamene matenda anakula, achimwene anaulula za gule kwa anamwino, munthu wamkazi. Ati ngati anaulula pali mlandu, ndipo kumudzi asapondeko. Anaumirira kuti a Esitere, anamwinowo, anene zonse zimene anamva.

A Esitere anangowayang'ana, n'kufunsa kuti, "Bambo, za kudambwe mungandiuze ine?"

"Ayi, zosatheka zimenezo!"

"Ndiye za odwala anga inenso sindingakuuzeni. Lamulo la ntchito yanga silindilola, pokhapokha eni ake atavomera."

Ine ndinaseka mpaka a George anandiloza chala. Aloze! Tsiku lija ankamangirira mwana wa mlongo wawo kumtengo ngati mbuzi, mwambo unali kuti?

Popanda mboni palibe mlandu, choncho Loweruka ndikukawatenga achimwene. Tidzadutsa pakati pamudzi dzuwa likuswa mtengo, aliyense aone.

A George akuti nzeru ya chingwe ija sinali yawo, inabwera pafoni kuchokera kunja kwa dziko lino. Sindinafunse kuti anaimba ndani. Achimwene nawo sanafunsebe, koma nzeru zikubwerera, adzafunsa.

Ndine mwana wa mlongo wanu,
Tamanda